Kukaphunzira kuphika ku koleji: amakaphunzirako chiyani kwenikweni?

Tayesani kuuza makolo anu madzulo ano kuti mukamaliza Fomu 4 mukufuna kukaphunzira zophikaphika ku koleji, muone mmene akuyang'anireni. Ena aseka. Ena afunsa mokalipa kuti, "Fizi yonse ija timalipirira kuti ukakhale khukhi?" Agogo ndiye angodabwa, pajatu iwo aphika nsima zaka makumi asanu popanda satifiketi, ndipo palibe anadandaulapo.

Kudabwa kwa agogo n'komveka, ndipo ndikufuna ndikuyankhe bwinobwino. Munthu amakachitako chiyani kumeneko chaka chathunthu, zaka ziwiri, pena zinayi? Yankho langa ndi lakuti amakaphunzira Chemistry, Physics, Biology ndi masamu omwewa mukulimbana nawo panopa, kungoti labotale yake imakhala khitchini, ndipo zotuluka mu labotaleyo anthu amadya. Wophika pakhomo amadziwa kaphikidwe. Wophika pa ntchito, yemwe masiku ano timangomuti shefu, amayenera kudziwanso chifukwa chake chinthu chilichonse chimachitika mumphikamo. Iyeyu amaphikira anthu mazanamazana osawadziwa, tsiku ndi tsiku, chakudyacho chizikoma chimodzimodzi, pasapezeke wotsegula m'mimba, komanso bizinesi isalowe pansi.

Chemistry ya mumphika wa nsima

Tiyambe ndi nsima yomweyi. Ufa wa chimanga ndi wodzaza ndi sitachi, amene amakhala m'tinjere ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. M'madzi ozizira tinjereti sitisungunuka, timangodikha pansi. Madzi akatentha kufika cha m'ma digiri 60 mpaka 70, tinjereti timamwa madzi, timafufuma, kenako timayamba kumatana. Ndiye phala lija limalimba mukuona. A sayansi amati kumeneku ndi gelatinisation.

Nanga mibulu imachokera kuti? Mukakhuthulira ufa wambiri nthawi imodzi m'madzi owira kale, ufa wakunja umapsa pompopompo n'kupanga kachikopa komata, ndipo madzi salowanso mkati. Wa mkatiwo umatsala wauwisi. N'chifukwa chake amayi amayamba ndi madzi ofunda, kupanga phala, kulisiya libwate, kenako kumathira ufa pang'onopang'ono uku akuvundula ndi mthiko. Ku koleji, wophunzira amakumananso ndi vuto lomweli akamaphunzira msuzi woyera wa ku France wotchedwa béchamel. Kumeneko amayamba asakaniza ufa wa tirigu ndi batala pamoto, mafutawo n'kukuta kanjere kalikonse kuti tisagwirane, kenako n'kumathira mkaka. Njira ndi ziwiri koma sitachi wake ndi mmodzi yemweyo, ndipo amene wamvetsa sitachiyo sasowa chochita ngakhale mumupatse ufa wa chinangwa kapena wa mapira umene sanauphikepo.

Funso lina: bwanji nyama yowiritsa imakhala yotuwa, pamene ya pachiwaya imafiira n'kumanunkhira mpaka kutsidya kwa msewu? Katswiri wina wa ku France, Louis-Camille Maillard, anafotokoza mu 1912 kuti tizigawo ta mapuloteni, tomwe mu Biology mumatitchula kuti ma amino acid, tikatenthedwa limodzi ndi shuga timapanga zinthu zatsopano zofiirira komanso zonunkhira. Izi zimachitika mwachangu kutentha kukafika cha m'ma digiri 140 kupita m'mwamba. Madzi owira sapyola madigiri 100, choncho nyama yomwe ili m'madzi singafiire olo muiwiritse tsiku lonse. Shefu wodziwa zimenezi amapukuta nyama iume asanaiike pamoto, ndipo sadzaza poto ndi zidutswa zambiri, chifukwa zikachuluka zimatulutsa madzi n'kuyamba kudziwiritsa zokha. Kufiira kwa mandasi, kwa mtedza wokazinga, kwa pamwamba pa buledi, ngakhale kwa nkhoko za pansi pa mphika, mwini wake ndi Maillard yemweyu.

Palinso nkhani ya soda ndi chidulo. Mukathira soda mu therere kapena m'chigwada, masamba amafewa msanga, chifukwa soda ndi alkali ndipo amamasula zinthu zomwe zimagwirizitsa maselo a masambawo. Koma alkali yemweyo amawononga vitamini C ndi vitamini B1. Pakhomo mwina si nkhani yaikulu. Koma tangoganizani wophikira odwala m'chipatala, kapena ana 600 a pa sukulu yogonera pompo amene akudalira khitchini imodziyo teremu yonse. Iyeyo ayenera kudziwa chimene akupindula ndi chimene akutaya pa supuni iliyonse ya soda.

Nyemba za ku Dedza ndi za ku Nsanje

Physics nayo ilimo. Tinazolowera kulemba pa mayeso kuti madzi amawira pa madigiri 100, koma zimenezo zimakhala zoona pa malo otsika, olingana ndi nyanja yamchere. Mukamakwera, mpweya umene ukupanikiza madziwo umachepa, ndiye amawira asanafike 100. Pa mamita 300 aliwonse, pamachoka pafupifupi digiri imodzi. Boma la Dedza lili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kotero madzi amawira cha pa madigiri 95. Ku Nsanje, komwe ndi kotsika kwambiri, amawira pafupi ndi 100. Nyemba za thumba limodzi zichedwerapo kupsa ku Dedza kusiyana ndi ku Nsanje, ndipo kusonkhezera moto sikuthandiza, chifukwa madzi akayamba kuwira satenthanso kuposa pamenepo, amangotha msanga basi. Mphika wotseka zolimba uja wotchedwa pressure cooker umachita zosiyana: umatsekera nthunzi mkati, madzi n'kufika pafupifupi madigiri 120, nyemba n'kupsa mu kanthawi kochepa.

Njira zitatu zoyendera kutentha zomwe munajambula mu kope zija, zonse zili m'khitchini. Chitsulo cha chiwaya chikamawotcha nyama imene yachikhudza, ndi conduction. Mafuta otentha akamazungulira tchipisi, kapena mpweya ukamazungulira mu uvuni, ndi convection. Makala akamawotcha chimanga chomwe chili pamwamba pa waya, ndi radiation. Ndipo pali phunziro limodzi la Physics limene ndikufuna mulisunge ngakhale simudzakhala shefu: mafuta akayaka m'poto, musathire madzi. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, amamira pansi, amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuwaza mafuta oyakawo ponseponse. Zimitsani mbaula kapena chitofu, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, moto usowe mpweya.

Ophunzira ophika buledi ndi makeke ndiye amakhala ngati ali mu labotale yeniyeni, chifukwa kumeneko chilichonse chimayezedwa pa sikelo. Ufa wa tirigu uli ndi mapuloteni amene akanyowa ndi kukandidwa amapanga gluten, chinthu chotanuka ngati mphira. Yisiti, yemwe ndi kachilombo kamoyo ka mtundu wa fangasi, amadya shuga n'kutulutsa carbon dioxide, ndipo gluten uja amagwira mpweyawo ngati timabaluni. Chimanga chilibe gluten, n'chifukwa chake chigumu sichifufuma ngati buledi. Mukasungunulira yisiti m'madzi otentha kwambiri, cha m'ma digiri 60, mwamupha, ndipo mtanda wanu ungokhala phee mpaka mawa.

Phunziro lopulumutsa miyoyo

Mwa zonse zimene amaphunzira, kwa ine lalikulu ndi phunziro la ukhondo ndi chitetezo cha chakudya. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa lipoti mu 2015 losonyeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mu Africa mokha, odwala amaposa 91 miliyoni ndipo omwalira ndi pafupifupi 137,000. Kuno kwathu, kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700, ndipo kolera amayenda m'madzi ndi m'chakudya.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa malo ofunda komanso pali chakudya, mabakiteriya ena amagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Pa ola limodzi, mmodzi wasanduka 8. Pa maola 7, wagawikana ka 21, ndipo 2 kuchulukitsa yekha ka 21 ndi 2,097,152. Tsono taganizani za mpunga wa pa ukwati umene waphikidwa 6 koloko m'mawa, wavundikiridwa m'beseni, ndipo anthu akudya 1 koloko masana mu Okutobala. Kuli mabakiteriya otchedwa Bacillus cereus amene amapezeka mu mpunga. Tinjere tawo totchedwa ma spore sitifa pophika, ndipo mpunga ukamazizira pang'onopang'ono timadzuka, timaswana, n'kutulutsa poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso mpungawo. Alendo akayamba kusanza, anthu amayamba kulozana zala kuti wina wathira mankhwala, chonsecho wolakwa ndi nthawi ndi kutentha.

Ndiye wophunzira amaloweza manambala angapo ngati dzina lake. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pamene mabakiteriya amaswana kwambiri. Chakudya chozizira chizikhala m'filiji pansi pa 5, chotentha chizikhala pamwamba pa 60 mpaka chifike patebulo. Chophikaphika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Nkhuku ndi nyama zipse mpaka mkati mwenimweni mufike madigiri 70 kapena kuposa, ndipo izi sayeza ndi maso, amabaya ndi themomita. Thabwa lodulirapo nkhuku yaiwisi, yomwe imatha kukhala ndi Salmonella, lisakhudze kabichi wa saladi amene saonanso moto. M'makhitchini ambiri matabwawa amakhala a mitundu yosiyana: lofiira la nyama yaiwisi, labuluu la nsomba, lobiriwira la masamba ndi zipatso. Amaphunziranso kuti chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika. Choncho ntchito ya shefu imayambira pa khomo la sitolo, pomwe amalandira katundu kapena kumubweza.

Ndondomeko imene mahotela ndi mafakitale a zakudya amatsata pa nkhaniyi imatchedwa HACCP. Mbiri yake ndi yosangalatsa: inakhazikika m'zaka za m'ma 1960 pomwe kampani ya Pillsbury ku America imakonza chakudya cha anthu a bungwe la NASA opita mlengalenga. Munthu ali m'chombo kutali ndi dziko sangathamangire kuchipatala akatsegula m'mimba, eti? Ndiye m'malo modikira kuyeza chakudya chitapsa kale, anaganiza zofufuza malo aliwonse pamene ngozi ingalowere, n'kuikapo muyeso ndi munthu wolemba. Pepala lopachikidwa pa chitseko cha filiji ya hotela, pomwe wina amalembapo madigiri m'mawa ndi madzulo, linachokera ku maganizo amenewo.

Masamu sathawika

Amene mukuganiza kuti kukhitchini n'kothawira masamu, pepani. Tinene kuti mwapatsidwa ntchito yophikira ukwati wa anthu 250. Ngati aliyense adye magalamu 80 a mpunga wosaphika, mufunika makilogalamu 20. Ngati nkhuku imodzi mukuidula zidutswa 8, mufunika nkhuku 32. Mukachepetsa, mwachititsa manyazi akuchikazi ndi akuchimuna omwe. Mukachulutsa, phindu lanu ladyedwa ndi agalu.

Tinenenso kuti mwagula mbatata ya kachewere makilogalamu 10 pa mtengo wa K2,000 pa kilogalamu, yonse K20,000. Mutasenda n'kutaya yowola, yatsala makilogalamu 8. Ndiye kuti mtengo weniweni wa mbatata yolowa m'mafuta ndi K2,500 pa kilogalamu. Amene amawerengera K2,000 uja amagulitsa tchipisi mwezi wonse n'kumadabwa kuti ndalama zikulowera kuti. Malesitilanti ambiri amayesetsa kuti zinthu zophikira mbale imodzi zisadye kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wogulitsira, chifukwa kwotsalako kuli malipiro, lendi, magetsi, gasi ndi madzi. Kuwerengera kotereku, kukonza menyu, kusunga sitolo kuti zolowa poyamba ziziyambanso kutuluka, ndi kuyang'anira antchito, zonsezi ndi maphunziro a m'kalasi, okhala ndi mayeso ake.

Chifalansa chalowa bwanji m'khitchini?

Mukadzalowa m'kalasi yoyamba mudzadabwa ndi mawu a Chifalansa. Chifukwa chake ndi mbiri. Auguste Escoffier, amene anabadwa mu 1846 n'kumwalira mu 1935, anayendetsa khitchini ya hotela ya Savoy ku London kuyambira 1890, ndipo mu 1903 anatulutsa buku la Le Guide Culinaire. Iyeyu anagawa khitchini ngati gulu la asilikali, aliyense ndi mbali yake. Pamwamba pali chef de cuisine, womutsatira ndi sous-chef, kenako ma chef de partie oyang'anira mbali imodziimodzi, monga ya msuzi, ya nsomba kapena ya makeke, ndipo pansi pali commis, yemwe akuphunzira ntchito. Sukulu yotchuka ya Le Cordon Bleu inayamba ku Paris mu 1895. Mawu amene mudzawamve tsiku lililonse ndi mise en place, kutanthauza kuti chilichonse chikhale chodulidwa, choyezedwa komanso pamalo pake moto usanayatsidwe. Amene munachitapo titration mukudziwa kale zimenezi: suyamba kufunafuna beaker asidi ali kale mu burette.

Kophunzira ndi kokagwira ntchito

Kuno ku Malawi njira zilipo zingapo. Sukulu ya Malawi Institute of Tourism ku Blantyre imaphunzitsa kuphika ndi ntchito zina za m'mahotela, ndipo ophunzira ake amayeserera pa alendo enieni ku Alendo Hotel. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo kuphika kuli m'gulu limenelo. Yunivesite ya Mzuzu ili ndi gawo la maphunziro a zokopa alendo ndi za mahotela. Amene mwakopeka kwambiri ndi sayansi yake, ku Bunda, pansi pa LUANAR, kuli madigiri a sayansi ya zakudya ndi a kadyedwe koyenera. Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi imodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingelezi, ndipo pulogalamu iliyonse imatchulanso maphunziro ake ofunika, choncho werengani chidziwitso cha chaka chimene mukufunsira malo.

Ntchito zake ndi zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Pali mahotela a m'mizinda ndi malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, komanso a m'malo osungira nyama monga Liwonde, Majete ndi Nyika. Pali makhitchini a m'zipatala, m'sukulu zogonera pompo ndi m'makampani. Pali okonza chakudya cha m'ndege ndi cha m'sitima zapamadzi zonyamula alendo. Pali mabekale, pali ophikira maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano, pali aphunzitsi. Amene anatsata njira ya sayansi ya zakudya amalowa m'mafakitale, kapena amakhala oyeza zakudya ku Malawi Bureau of Standards. Chiponde chija amapatsa ana onyentchera m'zipatala ndi chitsanzo cha ntchito yotere. Chinapangidwa ku France m'zaka za m'ma 1990, ndi dokotala André Briend mogwirizana ndi kampani ya Nutriset, ndipo nzeru yake ndi yakuti mulibe madzi okwanira kuti mabakiteriya aswane, choncho mayi akhoza kuchisunga kumudzi popanda filiji.

Mwayi wina uli pa zakudya zathu zomwe. Mlendo wochokera kutali sabwera ku Mangochi kudzadya zomwe wazisiya kwawo. Chambo, mpunga wa Kilombero, malambe, masuku, bowa, nkhwani wotendera, zonsezi zikudikira anthu odziwa kuziphika, kuzisunga ndi kuziika pa mbale mwaluso. Wodziwa za asidi ndi shuga akhoza kupanga jamu wa mango amene amangowolera pansi mu Disembala, n'kumagulitsa mu Juni.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi ntchito yofewa. Mumaima maola ambiri pa malo otentha. Khirisimasi, anzanu akusangalala, inu ndi pamene ntchito yachuluka. Mipeni imacheka, mafuta amawotcha. Dipuloma siikupatsani ushefu wamkulu tsiku loyamba: pafupifupi aliyense amayamba ndi kusenda mbatata, kudula anyezi ndi kutsuka, ndipo malipiro oyambira amakhala ochepa. Amakwera ndi amene amafika pa nthawi, amasunga ukhondo ngakhale palibe akuwaona, ndipo amafunsa chifukwa chake. Kaya ndinu mnyamata kaya mtsikana, mpeni ndi sikelo sizisankha.

Mungayambe lero

Ngati nkhaniyi yakugwirani mtima, musataye Chemistry, Biology ndi masamu poganiza kuti wophika sazifuna. Limbikirani Chingelezi, ndipo ngati pa sukulu panu pali Home Economics kapena French, ndi mwayi wanu umenewo. Pa holide, pemphani kumathandiza pa lesitilanti kapena bekale ya pafupi, muone ngati kutentha ndi liwiro lake mungazikwanitse.

Ndipo nayi ntchito ya kumapeto kwa sabata. Pezani mabotolo atatu ofanana, ndipo mu lililonse muikemo supuni yaing'ono ya yisiti ndi ina ya shuga. Mu loyamba thirani madzi ozizira, mu lachiwiri ofunda ngati thupi lanu, mu lachitatu madzi amene angowira kumene, mosamala, ndipo botolo limeneli lisakhale la pulasitiki yopyapyala. Madzi akhale ochuluka mofanana. Dikirani nthunzi ya m'botolo lachitatu ichepe, kenako vekani baluni kukamwa kwa botolo lililonse. Musanayambe, lembani mu kope baluni imene mukuganiza kuti ifufuma kwambiri, ndi chifukwa chake. Pakatha mphindi 30, yezani kukula kwa baluni iliyonse ndi ulusi ndi rula, lembani manambalawo, Lolemba mukawaonetse aphunzitsi anu a Biology.